Satifiketi ili pakhoma, ntchito ikuyenda mwakale: maphunziro a mabwana amathera kuti?

Loweruka lina titatuluka pamsonkhano wa bungwe lathu la maliro ku Mufakose kuno ku Harare, malume anga anandikokera pambali. Iwowa akhala kapitawo pafakitale ina ya ku Workington kwa zaka zambiri. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi: ali ku Nyanga ndi anzawo, onse m'majuzi chifukwa cha chisanu, aliyense wanyamula satifiketi pachifuwa. Kampani inawatumiza masiku atatu kukaphunzira za utsogoleri ndi kulimbikitsa maganizo atsopano pantchito.

"Ndiye chibwerereni mwasintha chiyani, malume?"

Anaseka. "Mphwanga, Lolemba lomwelo magetsi anathima m'bandakucha, oda ya kasitomala itachedwa kale. Fayilo ija ndinaiponya m'dirowa. Ikadali momwemo."

Malume si aulesi, ndipo amene anawaphunzitsa sanali wachinyengo. Zoterezi zili ponseponse, m'maofesi a m'tauni, m'mafakitale a ku Southerton ndi Graniteside, ngakhale m'mabungwe a mpingo. Ndalama zake si zamasewera. Kuno ku Zimbabwe olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro onse ku thumba la ZIMDEF, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1984 kuti lizithandiza maphunziro a ntchito, ndipo kumudzi ku Malawi kuli msonkho wofanana nawo wa TEVET. Pamwamba pa apo kampani imalipira hotela, basi, mphunzitsi ndi alawansi. Ena amati n'kutaya ndalama m'madzi, ena amati vuto ndi ophunzirawo. Akatswiri aifufuza nkhaniyi kwa zaka zoposa 100, ndipo zomwe anapeza sizikomera mbali imodzi.

Kuiwala kuli ndi liwiro lake

Woyamba kuyeza kuiwala ngati mmene timayezera chimanga pasikelo anali Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, amene anafalitsa zomwe anapeza mu 1885. Ankadziyesa yekha. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo, n'kudikira mphindi, maola kapena masiku, kenako n'kuona kuti zimutengera nthawi yotani kuti atilowezenso. Anapeza kuti zambiri zimatayika msangamsanga, pa ola loyamba lomwelo. Pakutha pa tsiku chimatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kenako kutayikako kumayamba kuchedwa. Anaonanso kuti kubwereza motalikitsa, lero pang'ono, mawa pang'ono, mkuja pang'ono, kumagwira kuposa kudzipanikiza tsiku limodzi.

Zili ngati kanjira kopita kudimba. Ukalambula kamodzi n'kusiya, mvula ikagwa kawiri udzu wabwerera. Chimasunga kanjira ndi mapazi a tsiku ndi tsiku.

Komabe tisam'kweze kwambiri Ebbinghaus. Timawu take tinalibe tanthauzo, pomwe munthu amasunga bwino chinthu chomukhudza. Malume anandifotokozera za ku Nyanga mwatsatanetsatane, mpaka nthabwala za mphunzitsi. Kukumbukira amakumbukira ndithu. Chomwe chinakanika ndi kuchita.

Kuchoka kunazale kupita kumunda

Mpata umene uli pakati pa kudziwa ndi kuchita akatswiri anaupatsa dzina, amati transfer of training, kutanthauza kuti zomwe munthu waphunzira m'kalasi zisamukire pantchito yake n'kukhazikika. Amene anawokerapo fodya kapena tomato akuidziwa nkhaniyi. Mbande zimakondwa kunazale, pamene pali mthunzi, manyowa ndi madzi m'mawa ndi madzulo. Mayeso ake ndi tsiku lowokera. Mbande yabwino ikapeza nthaka youma imafota, ndipo mlandu suli kunazale.

Mu 1988 Timothy Baldwin ndi Kevin Ford a ku America anasonkhanitsa kafukufuku amene analipo n'kuona kuti zimene zimalamula ndi zitatu: wophunzirayo, kapangidwe ka maphunzirowo, ndi malo amene akubwererako. Chachitatuchi n'chomwe sichilowa m'bajeti. Kodi bwana wake wamufunsa zomwe wabwera nazo? Wapatsidwa mpata woyesa sabata yomweyo? Akayesa n'kuphonya, amukalipira pamaso pa anyamata ake?

Pali nambala ina imene imayenda m'mawekishopu ngati mphekesera ya pasiwa, yoti 10 peresenti yokha ya maphunziro ndiyo imafika pantchito. Atailondola anapeza kuti inachokera m'nkhani ina ya 1982, momwe wolemba anangoitchula mongoyerekeza, osayeza kalikonse. Ija ya 70-20-10, yoti luso la bwana 70 peresenti limachokera pantchito penipeni, 20 kwa anthu ena, 10 m'kalasi, nayonso inachokera pa zomwe mabwana ochita bwino ananena pokumbukira moyo wawo, m'kafukufuku wa bungwe la Center for Creative Leadership. Mfundo yake ndi yomveka, koma manambalawo si a pasikelo.

Umboni wogwirika unachokera ku India. Kuyambira 2008, Nicholas Bloom wa ku Stanford ndi anzake, ena a ku World Bank, anatumiza alangizi kumafakitale oluka nsalu a pafupi ndi Mumbai. Mafakitale ena anangowayendera mwezi umodzi n'kuwauza zolakwika. Kwa ena alangiziwo anakhalako miyezi ina inayi, kuthandiza kukhazikitsa njira zina mwa 38 zomwe anasankha, zambiri zosavuta: kulemba nsalu iliyonse yowonongeka, kusamalira makina asanafe, kudziwa ulusi umene watsala mosungira katundu. M'chaka choyamba ntchito ya mafakitale othandizidwawo inakwera ndi 17 peresenti. Mu 2017 ofufuzawo anabwererako kukaona chatsala. Pafupifupi theka la njira zija zinali zitasiyidwa, komabe mafakitalewo anali akadali patsogolo pa anzawo pakayendetsedwe ka ntchito. Zifukwa ziwiri zosiyira zinkamveka kawirikawiri: manijala anaphunzira uja wachoka kwabwera wina, ndipo eni kampani analibe nthawi yolondola.

Wina akamva izi amati, mwaonatu, theka lonse linapita. Mnzake amati theka linakhalapo zaka zonsezo popanda mlangizi kubweranso. Onse akunena zoona. Kwa ife a ku Harare chifukwa choyamba chija chimaluma, pakuti ndi kampani iti imene sinatayepo munthu wake wodziwa atapita ku Johannesburg kapena ku London?

Kapepala ka tsiku lomaliza

Wekishopu ikamatha, anthu akuyang'ana kale mawotchi, pamayenda kapepala: mphunzitsi anali bwanji, chakudya chinali bwanji, holo inali yabwino? Donald Kirkpatrick wa ku Wisconsin anafotokoza mu 1959 kuti ili ndi gawo loyamba chabe mwa magawo anayi oyezera maphunziro. Tiyerekeze ndi kuchipatala. Adokotala anakulandirani bwino, ilo ndi loyamba. Munamvetsa kamwedwe ka mankhwala, lachiwiri. Munamwadi mpaka kumaliza, lachitatu. Mwachira, lachinayi. Munthu angathe kuyamikira adokotala kumudzi konse mankhwala ali pansi pa bedi.

Makampani ambiri amalekera pa gawo loyamba chifukwa ndi lotchipa. Otsutsa njira ya Kirkpatrick amati magawowa salumikizana bwino monga amaonekera papepala, ndipo lachinayilo n'lovuta kuliyeza. Phindu likakwera chaka chino, ndi chifukwa cha ku Nyanga, kapena madzi achuluka ku Kariba magetsi n'kumayaka, kapena ndi mmene yayendera ZiG, ndalama imene inabwera mu Epulo 2024?

Kakhadi ka m'thumba la shati

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mafakitale a ku America anadzaza ndi anthu amene anali asanagwirepo makina. Boma linayambitsa ndondomeko ya Training Within Industry, imene inayenda kuyambira 1940 mpaka 1945. Inkalunjika akapitawo, anthu ngati malume anga. Ankakumana anthu pafupifupi 10, kasanu, maola awiri ulendo uliwonse. Aliyense ankabwera ndi ntchito yake yeniyeni n'kuyeserera kuiphunzitsa pamaso pa anzake. Pomaliza ankalandira kakhadi kolowa m'thumba la shati, kokhala ndi mfundo zinayi: m'konzekeretse wophunzira, muonetse ntchito, ayese yekha uku akufotokoza, kenako uzimuyendera. Chiphunzitso chawo chinali choti wantchito akapanda kuphunzira, ndiye kuti wophunzitsayo sanaphunzitse.

Nkhondo itatha America inaiika pambali njirayi, koma inakafika ku Japan, komwe Toyota ndi makampani ena anaigwiritsitsa. Ikufanana ndi mmene kwaya ya kumpingo kwathu imachitira. Siipita kuhotela kukaphunzira nyimbo za chaka chonse pa masiku atatu. Imakumana Lachitatu ndi Loweruka, nyimbo imodziimodzi, wotsogolera akuimitsa pomwe mawu apita padera, ndipo Lamulungu mpingo wonse umamva ngati aphunzira.

Okonda mawekishopu a kutali nawo ali ndi mfundo. Munthu akakhala pantchito foni simusiya, pomwe kuchokapo kumam'patsa mpata woganiza ndi kumva za makampani ena. Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo tisanamizane, kwa munthu amene malipiro ake amatha pa 15, alawansi ya masiku atatu ndi fizi ya mwana.

Mafuwa atatu

Tibwere ku theka lachiwiri la mutu wa wekishopu ya ku Nyanga ija, la kulimbikitsa maganizo atsopano pantchito. Ambiri akamva mawu oti creativity amaganiza za oimba ndi ojambula. Ofufuza za pantchito amatanthauza chinthu chophweka: ganizo latsopano lomwenso n'lothandiza, zonse ziwiri pamodzi. Teresa Amabile, amene analemba za izi mu 1983 ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa ku Harvard, anati mphika umenewu umakhala pa mafuwa atatu: kuidziwa bwino ntchitoyo, kutha kuiyang'ana mwa njira ina, ndi kuigwira chifukwa ikukukoka mtima, osati chifukwa cha mantha kapena mphoto yokha. Awiri oyambawo amamangidwa kwa zaka. Fuwa lachitatulo bwana angathe kuligudubuza ndi mawu amodzi m'mawa umodzi.

Ku Harare luso lotere silisowa. Pitani ku Siyaso ku Mbare mukaone zomwe amisiri amapanga ndi zitsulo zotola, kapena ku Glen View komwe masofa amakhomedwa panja. Anzathu achishona amati kukiya-kiya, mawu amene anafala kwambiri m'zaka za mavuto zofika 2008, ndalama itasanduka mapepala wamba. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene Loweruka amadzutsa jenereta yakufa ya mnansi ndi kawaya kotola, Lolemba akavala ovolosi ya kampani amangoima kudikira kuuzidwa. Nzeru zija sanazisiye kunyumba. Pali chimene chimamuuza pageti kuti azisunge m'thumba. Ena amatsutsa kuti kukiya-kiya n'kuzimitsa moto wa lero basi, sikusiya njira yoti wina mawa atsate, ndipo kampani singayende choncho mpaka kalekale.

Mutu umodzi susenza denga, koma...

Mankhwala amene mawekishopu ambiri amapereka ndi brainstorming, ndiye kuti kukhala pagulu n'kumatulutsa maganizo. Anaitchukitsa ndi Alex Osborn, mmodzi wa eni kampani yotsatsa malonda ya BBDO ku New York, m'mabuku ake a 1948 ndi 1953. Malamulo ake ndi oti tchulani maganizo ambirimbiri, musadzudzule la mnzanu, ngakhale looneka lopusa lilandiridwe, ndipo onjezerani pa zomwe ena anena.

Mu 1958 ofufuza a ku Yale anaiyesa. Ophunzira ena anawaika m'magulu a anthu anayi, ena anawakhazika payekhapayekha kenako n'kuphatikiza zolemba za anayianayi. Apayekhawo anatulutsa maganizo pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mu 1987 Michael Diehl ndi Wolfgang Stroebe ku Germany anapeza chifukwa chachikulu: pagulu amalankhula mmodzi nthawi imodzi, ndipo podikira mpata wako ganizo limathawa, kapena umayamba kuliona lachabe. Amene anakhalapo pamsonkhano wa bungwe la maliro akudziwa. Apampando ayamba, asungichuma atsatira, akuluakulu awiri athirira ndemanga, pofika kwa achinyamata mawu otsala ndi oti "tagwirizana nazo". N'chifukwa chake ena masiku ano amati aliyense ayambe walemba yekha papepala, kukambirana kubwere pambuyo. Oikira kumbuyo Osborn amayankha kuti gulu lili ndi ntchito ina imene kuwerenga maganizo sikungaione: anthu amadziwana, ndipo ganizo lobadwira pakati pawo salikana likafika pogwiritsidwa ntchito.

Amene wanena zamuchitikira zotani?

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Amy Edmondson ankafufuza zolakwika zopereka mankhwala m'zipatala za ku America. Ankayembekezera kuti mawodi otsogoleredwa bwino akhala ndi zolakwika zochepa. Mabuku anaonetsa zosiyana: mawodi abwinowo ndiwo anali ndi zambiri. Atafufuza anapeza kuti kumeneko anamwino ankaulula akalakwitsa, pomwe kwina ankabisa. Mu 1999, ataona magulu 51 a pakampani ina, anafotokoza zomwe zimatchedwa psychological safety, ndiye kuti chikhulupiriro cha gulu lonse chakuti ukafunsa, ukavomera kulakwa kapena ukabweretsa ganizo lachilendo, sachita nawe manyazi kapena kukulanga. Google nayo itaunika magulu ake 180 kuyambira 2012 inapeza kuti ichi ndicho chinkasiyanitsa kwambiri magulu ochita bwino.

Toyota inayamba kale. Eiji Toyoda atakaona fakitale ya Ford mu 1950, kampani yake inakhazikitsa dongosolo lolandira maganizo a antchito mu 1951. M'mafakitale ake munabweranso chingwe cha andon: wantchito wamba akaona vuto amakoka, kapitawo amathamangira pomwepo, ndipo likapanda kukonzedwa msanga mzere wonse wa galimoto umaima.

Pafakitale pa malume bokosi la maganizo lilipo, pafupi ndi podindira makadi olowera. Loko wake anachita dzimbiri. Akuti mnyamata wina anaponyamo kalata yonena kuti katundu akuwonongeka chifukwa choikidwa pansi pa denga lodontha, ndipo sabata yotsatira anaitanidwa kuofesi kukafotokoza chifukwa chake amakonda kudandaula. Chiyambire pamenepo mumangolowa timapepala ta maswiti. Bokosi ndi chingwe cha andon cholinga chake n'chimodzi. Antchito amangoyang'ana zomwe zachitikira woyamba kukoka.

Kwa ife nkhaniyi ili ndi mizu yake. Tinakula tikuuzidwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mwana sayankha wamkulu akamalankhula. Makolo athu ambiri anabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kapena wapansi, ena m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, kudzagwira m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a ku Salisbury, Harare wa lero. Mlendo wokhala ndi chitupa chachilendo ankadziwa kuti pakamwa pangamuthamangitse, ndipo phunziro limenelo anasiyira ana. Onjezani kusowa kwa ntchito kwa masiku ano. Koma chikhalidwe chomwecho chili ndi makomo ake olankhulira zovuta: ankhoswe amene amanyamula mawu olemera kuchoka kwina kupita kwina, ndi nyimbo za pamtondo momwe mayi ankanena za apongozi mudzi wonse ukumva, popanda womugwira mlandu. Edmondson mwiniwake amachenjeza kuti sakunena za kusekererana kapena kulekerera ntchito yosalongosoka. Ulemu ungakhalepo ndithu, bola vuto lipeze podutsa.

Nthawi, ndi amene alibe bwana

Kuyambira 1948 kampani ya 3M ku Minnesota imalola akatswiri ake kugwiritsa 15 peresenti ya nthawi yawo pa zomwe adzisankhira. Spencer Silver anapanga guluu wosagwira kwambiri mu 1968, wosowa ntchito. Mu 1974 mnzake Art Fry, woimba kwaya amene timapepala tosungira tsamba tinkangomugwa m'buku la nyimbo, anamukumbukira guluu uja. Timapepala tomata ta Post-it tinafika m'masitolo a dziko lonse la America mu 1980. Zaka 12. Nkhaniyi imakambidwa m'mawekishopu ambiri, koma kampani ya ku Msasa imene ikuwerenga malita a dizilo wa jenereta ingafunse kuti ndani adzalipira zaka zodikirazo.

Pafupi ndi kwathu pali za ku Togo. Ku Lomé ofufuza anagawa eni mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 m'magulu atatu. Ena anaphunzira zachizolowezi monga kusunga mabuku ndi kutsatsa malonda, ena anaphunzira kuyamba okha zinthu, kuoneratu mavuto ndi kusagwa ulesi akalephera, ena sanaphunzire kanthu. Zotsatira za zaka ziwiri, zofalitsidwa mu 2017, zinaonetsa phindu la gulu lachiwirilo litakwera ndi 30 peresenti, pomwe la gulu loyamba linakwera ndi 11 peresenti, yochepa moti ofufuzawo sakanatsimikiza kuti si mwayi chabe. Tizindikire kuti awa anali eni ake. Atatuluka m'kalasi panalibe wowaletsa kuyesa.

Zomwe zikadali pabwalo

Funso loyamba likuchokera pomwepo: njira ya ku Togo ingagwire kwa munthu wolembedwa ntchito, amene pamwamba pake pali mabwana atatu? Ndipo woyamba kutumizidwa kukaphunzira azikhala ndani, kapitawo kapena amene amalamula kapitawoyo?

Za mphoto akatswiri sanamvanebe. Ena, potsata Amabile, amaopa kuti ndalama zikakhala nyambo anthu amangobweretsa maganizo osangalatsa bwana. Ena amaloza makampani a ku Japan amene amapereka kangachepe pa ganizo lililonse, maganizo n'kumabwerabe. Kumene malipiro sakwana mwezi, muyeso wake uli pati? Alawansi nayo ili ndi mbali ziwiri: ikachotsedwa, abwera okhawo ofunadi kuphunzira, kapena otsala adzakhala amene angakwanitse kudzilipirira kombi?

Palinso za amene amachoka. Kampani ikaphunzitsa munthu n'kupita kunja, yataya; ikaopa kuphunzitsa, yatsala ndi osadziwa. Ena amasainitsa mapangano oti wophunzitsidwa akhale zaka zingapo, ena amati cholimba n'kulemba njira zogwirira ntchito kuti zisachoke ndi munthu, monga zinaonekera ku India. Maphunziro aafupiafupi a pa WhatsApp akugwirizana ndi Ebbinghaus pa kubwereza motalikitsa, koma kodi amafika pa gawo lachitatu la Kirkpatrick, kapena amangowerengedwa m'kombi n'kuiwalika potsika pa siteshoni ya Copacabana? Ndipo boma la Zimbabwe, kudzera m'ndondomeko yake ya maphunziro apamwamba yotchedwa Education 5.0, latsegula malo otulukira zatsopano m'mayunivesite monga University of Zimbabwe ndi Harare Institute of Technology. Achinyamata ochokera kumeneko akadzalowa pageti ngati la malume, ganizo lawo loyamba adzaliponya m'bokosi liti, ndipo kiyi wake ali ndi ndani?